Thandizeni abale, fyuluta yanga ya mgolo ikungosefukira ndipo nsomba zayamba kufa

Bambo a Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndimangowerenga mwakachetechete koma lero zandifika pakhosi. Ndili ku Salima, ukangochoka pa Kamuzu Road kulowera njira ya ku Senga Bay. Nditapuma pantchito ndinamanga kadamu ka simenti kuseri kwa nyumba n'kuikamo makumba ndi chilunguni. Poyamba madzi anali mbee, koma chiyambireni kutentha kwa Okutobala kuno abiriwira ngati msuzi wa nkhwani, fungo lake losakamba. Mayi a kunyumba akuti ndamiza penshoni m'madzi, dzulo anachita kunena pamaso pa ana kuti bola ndikanagula mbuzi. Mlamu wanga amene anandilimbikitsa zonsezi sakuyankhanso foni, komanso wilibala yanga anabwereka mu Juni mpaka lero.

Ndiye ndinaona pa YouTube anthu akupanga fyuluta ya mgolo. Ndagula mgolo wabuluu wa malita 200 ndi kapampu koviika m'madzi. Pulambala wina anadya ndalama zanga n'kusowa atangoboola mabowo awiri, kotsalako ndamaliza ndekha. Mgolo ndaukhazika pa njerwa. Paipi yochokera ku pampu yalowera pamwamba n'kutsika mpaka pansi, ina yobweza madzi ku damu ili m'mbali. M'katimo ndathira miyala ya kwale, mchenga wa kunyanja ndi neti. Ndikayatsa pampu, mphindi 10 sizikwana mgolo wadzaza, madzi n'kumatayikira pansi, damu n'kumaphwa. Magetsi akazima zonyansa zonse zimabwerera kwa nsomba. M'mawa uno ndavuula 6 zakufa, zina zikungoyasama pamwamba. Ndalakwitsa pati? Chonde osanyoza, BP yanga yakwera kale.

Che Jafali wa Milamba:
ACHIMWENE VUTO SI MGOLO, VUTO NDI NSOMBA ZANUZO. Makumba ndi nsomba zachibwana, kungotentha pang'ono zagona chagada. Wetani MLAMBA. Mlamba umapuma mpweya wa kunja ngati inu ndi ine, umakhala ndi moyo ngakhale m'matope a padambo madzi ataphwa. Ine kuno ku Nkhotakota ndilibe mgolo, ndilibe pampu, ndilibe BP.

Mayi Nachisale:
Pepani bambo ndi zimenezi. Tisanapite patali tiuzeni zitatu: damulo ndi lalikulu bwanji (mulitali, mulifupi ndi kuya kwake), muli nsomba zingati, ndipo pa pampupo palembedwa malita angati pa ola? Popanda zimenezi tonse tikungolota. Pakadali pano siyani kudyetsa masiku awiri, nsomba sizifa ndi njala ya masiku awiri.

Kadzidzi Wapatauni:
Madala, 6 zimenezo musakwirire. Tomato ndili naye, anyezi ndigula panjira. Ingonenani geti yake ndi ya mtundu wanji.

Gift Pulambala:
Choyamba, musamatiike m'gulu limodzi tonse. Ena mumafuna ntchito ya tsiku lonse pa mtengo wa fanta, munthu akachoka mukuti wathawa. Koma poti mwafunsa, ndikuuzani. Ndikutsimikiza mapaipi anu awiriwo ndi ofanana kukula. Pampu imakankha madzi ndi mphamvu, koma potuluka mu mgolo madzi amangoyenda okha potsetsereka, palibe chowakankha. Ndiye ngati yolowa ndi ya 25mm, yotuluka ikhale ya 50mm, kapena muike ziwiri. Ikhale yopendekera ku damu ndipo ma elbow (zokhotetsera paipi) achepe, elbow iliyonse imabweza madzi m'mbuyo. Pabowo la mgolo gwiritsani tank connector (cholumikizira paipi ku mgolo) ya labala zake, osati kumata ndi phula kapena guluu wamba, pulasitiki ya mgolo sigwira guluu. Pamwamba penipeni booleraninso paipi ina yongodikira, kuti tsiku limene yoyambayo yatsekeka madzi osefukira azibwerera ku damu osati pabwalo.

Che Jafali wa Milamba:
Mwaona? Ma elbow, ma connector, ma mamilimita. Zonsezi chifukwa cha nsomba yoti pomwe ifike pa mbale ndi yaing'ono ngati chikhatho cha mwana. MLAMBA SUFUNA PULAMBALA.

Anaphiri a ku Dwangwa:
Ine nkhani za madamu zimandikumbutsa chilonda. Tinakumba lathu ndi malemu bambo a kunyumba, tinaweta miyezi isanu, madeya ogula, manyowa a nkhuku onyamula pamutu. Tsiku lokolola tinaitana ndi a mpingo omwe. Kukoka khoka muja munatuluka achule ndi tinsomba tosakwana beseni. Kani ng'azi inali itakhazikika m'bango ikudya tsiku ndi tsiku, ndiye ena akuti anyamata a pamudzi ankabwera usiku ndi mbedza. Mpaka lero ndikaona ng'azi mtima umandiwawa. Bambo, yang'anani bwino, mwina si fyuluta.

Kadzidzi Wapatauni:
Anaphiri, ng'azi yake yoti imapha nsomba n'kuzisiya zikuyandama ndi ya mpingo uti?

Mphunzitsi Wopuma:
Aliyense akukamba za mapaipi koma palibe wafunsa kuti fyuluta ntchito yake n'chiyani. Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kugwira zinyalala zooneka, ndowe za nsomba ndi madeya otsala. Yachiwiri sioneka ndi maso: nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, ndipo pali mabakiteriya amene amamera pa miyala n'kumusandutsa nitrite, kenako nitrate amene savuta kwenikweni. Mabakiteriyawa kuti akhazikike pamatenga masabata 4 mpaka 6, ndipo amafuna madzi oyenda usana ndi usiku. Ndiye mgolo wa dzana musauyembekezere zodabwitsa. Mchengawo chotsani lero lomwe, ndi umene ukutseka njira. M'malo mwake dzazani zitsekerero za mabotolo kapena timatumba ta anyezi, n'zopepuka ndipo madzi amadutsa bwino. Potsuka muzitsukira madzi a m'damu momwemo, a pampopi ali ndi klorini amene amapha mabakiteriya aja, mwayambiranso pa ziro. Ana a masiku ano sayansi ya Fomu 2 anaisiya m'kalasi.

Bambo a Tadala:
Zikomo aphunzitsi, koma ine si mwana, ndili ndi zidzukulu zitatu. A Gift, mapaipi onse ndi ofananadi, ndi amene anatsala pomanga bafa. Pulambala uja ndinamupatsa ndalama yonse ndi nsima anadya kwathu, musamuikire kumbuyo. Netiyo ndi ya udzudzu, inali itang'ambika kale.

Sisita Mercy:
Neti ya udzudzu?? Bambo, maneti amenewa amakhala onyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwala amenewo nsomba sizipirira nawo ngakhale pang'ono. Mwaika poizoni mu mgolo n'kumapopera madzi onse kudutsa momwemo. Chotsani msanga. Komanso a Malawi tidzamva liti? Maneti timagawa kuchipatala kuti ana asadwale malungo, inu mwatchingira dimba, mwakokera usipa, lero mwasefera madzi a nsomba. Mawa mubwera ndi mwana akutentha thupi muzidzati kuchipatala kulibe mankhwala.

Bambo a Tadala:
Asisita, ndanena kuti inali yong'ambika. Yachapidwa kambirimbiri.

Che Jafali wa Milamba:
Mlamba ukanapirira.

Sisita Mercy:
Che Jafali musanamize anthu, mlamba ndi nsombanso, mankhwala sasankha.

Che Jafali wa Milamba:
AMAYI INU MUNAWETAPO NSOMBA? Ine ndabadwira pa nyanja, bambo anga ankapalasa bwato pa Chia ndisanabadwe. Za jakisoni ndikusiyirani, za nsomba mundisiyire. Anthu a mabuku ndi amene mwaononga ulimi, chilichonse mpaka mugule chipangizo. Pa Mbenje pomwepo kwanu ku Salima amatseka chilumba Disembala mpaka Epulo, nsomba n'kuswana zokha, ndani anaikapo fyuluta?

Mayi Nachisale:
Nyanja ndi kadamu ka simenti n'zosiyana, Che Jafali. Bambo a Tadala, kuyasama kwa m'mawako ndi kusowa mpweya. Zobiriwirazo ndi ndere. Masana zimapanga mpweya, usiku zimaumwa limodzi ndi nsomba, ndiye kukamacha m'madzi mumakhala mulibe kanthu, makamaka kukatentha chonchi poti madzi ofunda sasunga mpweya wambiri. N'chifukwa chake zikufa m'bandakucha osati masana. Ndere za mtundu umenewu mgolo sungazigwire, n'zazing'ono kwambiri, ndipo zikakhala zochepa makumba amadya zomwezo. Chitani izi: chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi, muthire a pa mjigo kapena a pampopi amene agona m'ndowa tsiku lathunthu. Tchingani theka la damu ndi mphasa kapena udzu kuti dzuwa lichepe. Paipi yobweza ikhale m'mwamba madzi azigwa ngati mathithi. Koma ndikufunsanso: miyezo ya damu ndi chiwerengero cha nsomba. Mukachulukitsa mulitali, mulifupi ndi kuya m'mamita, kenako ndi 1,000, mupeza malita. Pampu iyenera kuzunguza madzi onsewo pa ola limodzi kapena awiri. Ngati nsomba zachuluka, ngakhale migolo itatu singakupulumutseni.

Yohane wa Sola:
Vuto lenileni ndi kudalira magetsi. Panelo imodzi, batire ndi pampu ya 12V, nkhani yatha. Ndilembereni ku inbox, ndimafika mpaka Chipoka ndi Benga.

Gift Pulambala:
Sola kapena ayi, pampu ikazima madzi abwererabe chifukwa paipi yawo yamira mpaka pansi pa mgolo, ikuyamwa ngati payipi yopopera petulo. Boolani kabowo kakang'ono pa paipiyo pamwamba pang'ono pa pomwe madzi amalekezera, mpweya ukalowa kuyamwa kumaduka. Pansi pa mgolo ikaniponso valavu yotulutsira matope, sabata iliyonse muzitsegula n'kuthirira masamba. Mpiru umakondwa nawo madzi amenewo.

Abiti Saidi:
Ingoponyanimo namasupuni, mizu yake imayeretsa madzi mwaulere.

Mphunzitsi Wopuma:
Namasupuni yemwe uja wavutitsa mtsinje wa Shire mpaka kutseka makina a magetsi? Pafupi ndi nyanja chonchi? Mvula ikadzakokolola mudzayankha ndinu. Ndipo palibe wafunsa kuti mgolowo munkasungidwa chiyani. Salima ndi dera la thonje, migolo ina ndi ya mankhwala opopera.

Che Jafali wa Milamba:
Neti poizoni, mgolo poizoni, mchenga poizoni, maluwa poizoni. ACHIMWENE BWERANI KU NKHOTAKOTA NDIKUPATSENI ANA A MLAMBA 20 AULERE, mudzanditamanda.

Bambo a Tadala:
Zikomo nonse, ndawerenga ngakhale mutu wazungulira. Neti ndachotsa, mchenga ndichotsa mawa. Mgolo wogulitsayo anati munali mafuta ophikira, koma chizindikiro chinafufutika. A Nachisale, damulo ndi lapakatikati, si lalikulu komanso si laling'ono. Nsomba sindinawerenge, zinabwera mu ndowa ziwiri ndipo zaswanamo. Mlamu uja waona positi ino, wabweza wilibala madzulo ano, tayala lophulika, osapepesa n'komwe. Kodi pamenepa ndikauze ankhoswe kapena ndingozisiya?

Mayi Nachisale:
Bambo, tepi muyezo muli nayo pakhomopo?