"Ukachenjera manja udya naye": agogo ankatanthauza chiyani?

Mdzukulu wa ku Bembeke:
Odziwa Chichewa chakuya, ndithandizeni. Loweruka lapitali ndinali kumudzi, ndipo poti kuzizira kwa Juni kuno sikulola munthu kucheza pabwalo, ndinaika katuni pa laputopu kuti ana aonere m'nyumba tikudya kachewere wowotcha. Ndinasankha The Prophet, ija inatuluka mu 2014, yochokera m'buku la ndakatulo la Kahlil Gibran wa ku Lebanon, limene linasindikizidwa ku New York mu 1923. Ndinkati poti anaitsogolera ndi Roger Allers, mmodzi wa awiri amene anatsogolera katuni ya The Lion King, ana akondwa. Anakondwa mwa apo ndi apo. Kamtsikana kosalankhula kaja, Almitra, kakamaba zakudya pamsika anthu n'kumakathamangitsa, nyumba yonse chikhakhali, mpaka mwana wa aneba amene anaima pakhomo anasuntha n'kukhala pansi. Koma nkhani ikaima kuti mlakatuli Mustafa alakatule, zithunzi n'kusanduka ngati maloto, ana amayamba kutsinana. Atsibweni anagona pandakatulo yachiwiri.

Agogo aakazi okha ndiwo sanaphethire. Chingerezi samva, ndiye ndimawamasulira. Itafika ndakatulo ya ana, imene mufilimumo ndi nyimbo, ndinawauza mwachidule kuti akuti ana amene mwabereka si anu, anangodzera mwa inu. Inu ndinu uta, iwo ndi mivi. Agogo anakhala chete, kenako anati: "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye." Basi, osaonjezera.

Mbali yoyambayo ndikuimva. Koma "kuchenjera manja" n'kutani? Ndipo agogo ankavomereza zimene filimu imanena kapena ankatsutsa? Mzunguyo akuti wako si wako, iwo akuti ngakhale wa mnzako ndi wako.

Wa kabichi pa Lizulu:
Achimwene, choyamba Gibran sanali mzungu wa ku Ulaya, mwanena nokha kuti kwawo ndi ku Lebanon. Chachiwiri agogo anatsutsa, n'zoonekeratu. Mayi amene ananyamula mimba miyezi 9 mungamuuze kuti mwana si wake? Anakuyankhani mwaulemu chabe.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu:
Mwana wanga, funso lako ndi labwino, ndipo ine ndinaliyankhapo kambirimbiri m'kalasi. Vuto ndi loti masiku ano tikamva "kuchenjera" timaganiza za ukathyali, munthu wokudyera masuku pamutu. Akale sankaligwiritsa ntchito choncho pokha. Pajatu ukamuuza mwana kuti "chenjera, pali njoka" sukumuuza kuti akhale tambwali, ukumuuza kuti akhale maso. Manja ochenjera ndi manja amene ali maso: aona mwana ali ndi njala, apereka asanapemphedwe, aona mwana wagwa, amudzutsa osayamba afunsa kuti ndi wa yani. Ukatero mwanayo akadzakula, tsiku limene wapha nyama kapena walandira malipiro, adzakukumbukira. Ndiko kudya naye.

Chimene ndikufuna uone ndi chakuti mwambiwu sukunena za kubereka ayi. Ukunena za kudyetsa. Pamenepa ndi pamene ine ndikusiyana ndi achimwene a pa Lizulu.

Mayi wa ku Linthipe:
Aphunzitsi, pepani ndikutsutseniko pang'ono. Amayi anga ankaunena mwambiwu ndi kamwano pang'ono. Kwa iwo kuchenjera manja kunali kudziwa kusunga pobisika: ukamupatsa mwana wa mnzako chimanga chowotcha lero, wasunga nkhokwe kwa eni. Si chifundo chokha, muli kuwerengera. Ndipo sindikuona choipa. Ife tinalera ana atatu a mchemwali wanga atamwalira, ndipo amene amanditumizira ndalama ya feteleza pa foni chaka chilichonse ndi mmodzi wa iwowo, osati amene ndinabereka.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu:
Mayi, simunanditsutse, mwangovula mwambiwo chitenje. Miyambi yathu yambiri sichita manyazi kunena kuti wopatsa amayembekezera. "Kupatsa n'kuika" timati chiyani nanga?

Mkamwini wa ku Mayani:
Ine filimuyo ndinaionera ndipo ndakatulo ya ana sinandidabwitse m'pang'ono pomwe. Mwamuna aliyense amene ali pachikamwini kuno ku Dedza anaidziwa kale asanaphunzire kuwerenga. Ana anga ndimawalipirira sukulu ndine, koma tsiku la chinkhoswe chawo wokhala kutsogolo ndi atsibweni awo, mwini mbumba. Banja litati lithe lero, ine ndinyamula khasu ndi kachikwama, ana atsala ndi mtundu wa mayi wawo. Ndiye mlakatuli akamati ana si ako, ine ndimangoti ee bwana, tinamva kale kwa ankhoswe.

Kusiyana kwake n'koti iye akuti mwana ndi wa moyo weniweniwo, ndi wa mawa, alibe mwini. Kwathu kuno mwana wopanda mwini kulibe. Akachoka m'manja mwako wagwera m'manja mwa mbumba. Muvi wa Gibran umapita osabwerera. Wathu timauponya titaumangirira chingwe.

Wa kabichi pa Lizulu:
Kkkk chingwe chake ndi Airtel Money.

Mtsikana wa ku Chongoni:
Ine ndikanakhala agogo ndikanasankha mwambi wina: "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi." Umenewo ndiye ukugwirizana ndi za uta ndi mivi, kuti mwana ayenera kuchoka, akaone madzi ena. Koma ndinene za filimuyo. M'bukumo muli ndakatulo 26, mufilimu anatengamo 8 zokha, iliyonse n'kuipereka kwa wojambula wake, n'chifukwa chake zithunzi zimasinthasintha choncho. Ya ana anajambula ndi Nina Paley, ya chikondi Tomm Moore wa ku Ireland. Nkhani ya Mustafa kutsekeredwa m'nyumba zaka 7 chifukwa cha zolemba zake, n'kumuuza kuti azikane kuti apulumuke, anachita kuiwonjezera kuti pakhale ulusi wolumikiza. Anzanga amene tinaonera nawo anagawikana pomwepo. Ena ankati nkhani yowonjezerayo ndi ya ana, ikusokoneza ndakatulo. Ena ankadumphitsa ndakatulo kuti aone ngati Mustafa aphedwe. Bambo anga anakhudzidwa ndi za kutsekeredwazo kuposa china chilichonse, anati zawakumbutsa mlakatuli Jack Mapanje, amene anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Za mivi sanazitchule n'komwe.

Mayi wa ku Linthipe:
Mwana wanga, wa ng'onawo ndi wabwino, koma umanenedwa kwa mwana amene akuchoka, pomulimbitsa mtima. Kwa kholo lotsala sitinena umenewo. Agogowo anasankha dala.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu:
Mdzukulu, ife tonse tikulosera. Mwambi suyenda wokha, umakhala ndi pamene wagwera. Agogo ako ali moyo, bwanji osawafunsa? Ndipo uwafunse kuti ankayang'ana kuti pamene ankalankhula.

Mdzukulu wa ku Bembeke:
Aphunzitsi, ndawaimbira kudzera pa foni ya atsibweni. Ndachita manyazi. Poyamba anaseka mpaka kutsokomola. Akuti za uta ndi mivi anazimva, ndipo anati munthuyo analankhula bwino, kungoti zikuoneka kuti sanalerepo mwana. (Ndafufuza, Gibran anamwalira mu 1931 asanakwatire, wopanda mwana. Agogo sanadziwe zimenezo.) Koma mwambiwo akuti sankayankha filimu. Ankanena ine. Mwana wa aneba uja anakhala pakhomo nthawi yonse imene tinkaonera, ife tikudya kachewere, ine ndili kalikiliki kumasulira zakuya za kulera ana, osamupatsako ngakhale mmodzi. Akuti anandiyang'ana kawiri, ine maso ali pa laputopu, mpaka anachita kunyema wawo n'kumuitana.

Ndawafunsa za "kuchenjera manja" kuti tanthauzo lenileni ndi la aphunzitsi kapena la amayi a ku Linthipe. Anangoti, "Ubwere Loweruka, ubweretse ya kamtsikana kakuba ija, tinaithera pakati magetsi a m'kabokosi kako atatha." Atsibweni akuti nawonso aonera, bola ndiziwadzutsa ndakatulo ikatha.

Mkamwini wa ku Mayani:
Mukapita muwafunsenso za ndakatulo ya ukwati, pajatu imati okwatirana asiyane kampata ngati nsanamira za kachisi. Ndikufuna ndimve apongozi a ku Bembeke anena chiyani pamenepo.