Mtengo wa minga wonunkhira mandimu uja wa ku Chirinda, ungamere kuno ku Harare?

Mphwake wa ku Mufakose:
Moni nonse abale. Mwezi wathawu ndinali ku Chipinge kukaona azakhali ndiye tinakwera ku Mount Selinda kukaona nkhalango ya Chirinda, anthu onse amathamangira Big Tree, chimtengo chachikulu chotchuka cha mnkhalangomo, koma ine maso anga anakodwa ndi mtengo wina wautali zedi, thunthu lake lonse zotupatupa zaminga ngati msana wa ng'ona. Ndinatola tsamba pansi nkulifikisa mmanja, fungo lake mandimu enieni! Koma zipatso za mandimu ayi ndithu. Ndi mtengo wanji umenewu? Ndipo nditaupeza ungamere pa yadi panga? Mwinanso nkumezanitsapo ndimu poti fungo ndi limodzi. Ndithandizeni chonde, mtengowu wandilowa mumtima.

Madala a Nazale:
Mwana wanga umenewo ndi wa mtundu wa Zanthoxylum, azungu amati knobwood chifukwa cha zotupa zomwe waonazo. Kumapiri a kummawa kuli mitundu ingapo, wina ndi Zanthoxylum davyi wina ndi Zanthoxylum gilletii, ndiye ngati masamba ake anali ataliatali kwambiri ounjikana kunsonga kwa nthambi ndi gilletii ameneyo, amafika mamita 30 kapena kuposa ndipo amapezeka mpaka ku Congo, Uganda ndi ku West Africa konse. Mphuno yako sinakunamize, ndi banja limodzi ndi mandimu, malalanje ndi manachesi, banja la Rutaceae. Ukadzapezanso tsamba uliyang'anitse padzuwa uona timadontho towala, mmenemo ndi mmene muli mafuta onunkhirawo, tsamba la ndimu lilinso chimodzimodzi.

Koma zomezanitsazo iwala. Ubale ulipo koma ndi wapatali, sizigwirana, ungotaya nthawi ndi pulasitiki yako. Ukafuna tsinde lolimba la ndimu tenga rough lemon, yemwe uja anadzimerera yekha mmbali mwa mtsinje wa Mazowe, ndi amene takhala tikumezanitsapo zaka zonsezi.

Nachisale wa ku Highfield:
Achimwene ine nkhawa yanga ndi madzi basi. Ku Chirinda mvula imapitirira mamilimita 1,300 pachaka kuphatikizapo nkhungu imene imanyowetsa mitengo ngakhale chilimwe, kuno ku Harare timangopeza cha mma 800 ndipo kuyambira May mpaka October kuli gwaa, nanga madzi a pampopi mmene amavutiramu muzithirira ndi chani? Kenako chisanu cha June ndi July, mbande yanthete ya kunkhalango singachipirire popanda kuiphimba. Komanso taganizani mtengo wa mamita 30 pa yadi ya ku Mufakose, mizu ku ngalande, nthambi ku mawaya a magetsi, minga ana akusewera pansi pake, aneba adzakudani ndithu.

Kalipentala wa ku Mbare:
Zoona achemwali. Ine ndingoonjezera za matabwa, mtengo umenewu mkati mwake ndi wachikasu ndipo ukaupala bwino umanyezimira, nchifukwa chake ena amautcha East African satinwood. Kumene uli wambiri amapangira zitseko ndi mipando. Koma kuno musayembekeze kuupeza pa msika, ndipo wina akakuuzani kuti thabwa ili lachokera ku Chirinda musagule, nkhalango ija ndi yotetezedwa, ili mmanja mwa Forestry Commission, bungwe la boma loyang'anira nkhalango, ndipo ndi kachigawo kakang'ono kwambiri kamene katsala.

Mphwake wa ku Mufakose:
Zikomo madala, zikomo nonse. Masamba anali aatali ndithu ndiye akhala gilletii yemweyo. Za yadi ndamva ngakhale zikuwawa. Nanga ndimamva kuti khungwa lake ndi mankhwala a dzino, nzoona?

Madala a Nazale:
Eya anthu ambiri mu Africa muno amatafuna khungwa la mitengo ya mtundu umenewu dzino likamawawa, mkamwa mumachita dzanzi ululu nkuchepa. Ngakhale tsabola uja wa ku China wochititsa dzanzi lilime, Sichuan pepper, amachokera ku Zanthoxylum winanso. Koma dzanzi silichiza dzino lobooka, limenelo ndi la adokotala a mano. Ndipo chimene chimandiwawa ine ndi anthu osenda khungwa kuzungulira thunthu lonse, mtengo woti wakula zaka makumimakumi umauma chiimire chifukwa chakudya chochokera kumasamba sichifikanso kumizu.

Ngati mtima sukugonabe pita ku National Botanic Garden ku Alexandra Park, kuli chigawo cha mitengo ya nkhalango za mvula za kummawa ndipo National Herbarium, kumene akatswiri amasunga zitsanzo za zomera, ili pomwepo, ukawaonetse chithunzi chako akuuza dzina lenileni. Ukafunsenso za mbeu kumeneko osati kukazula mbande ku Chirinda. Dziwanso kuti mitengoyi ilipo yaimuna ndi yaikazi, umodzi wokha sungakupatse njere, ndipo njere zakezo zimachedwa kumera komanso sizisungika nthawi yaitali. Ngati azakhali ako ali ndi malo ku Chipinge kadzale komweko, mvula iliko ndipo malo okulira aliko.