Madzi a akalulu akuundana usiku, ndigule mbale yotani?

Mayi a Awiri, Leeds: Abale apagulu pano, makamaka okhala ku UK kuno, ndithandizeni nzeru. Ana ali ndi akalulu awiri m'khola la matabwa kuseri kwa nyumba, aliyense wolemera pafupifupi makilo 2. Chilowereni Disembala, m'mawa uliwonse ndikumapeza botolo lawo la madzi litaundana gwa. Ndigule mbale? Yachitsulo, yapulasitiki kapena yadothi? Nanga zija zamagetsi n'zodalirika?

Achimwene a ku Hull: Mayi, vuto la botolo ndi kampopi kachitsulo kaja kokhala ndi kampira mkati. Mumakhala timadzi tochepa, ndiye timayamba kuundana kutentha kukangotsika kufika pa 0°C, pamene m'botolomo madzi akadali bwinobwino. Inu mukuona madzi, kalulu akunyambita chitsulo chouma. Ngakhale muliveke sokosi botololo, kampopiko kamakhalabe pamtetete.

Gulani mbale yadothi yolemera, zija zowala mkati zodyera agalu, ya tsinde lotambalala kuti asaigubuduze. Kalulu amamwa pakati pa 50 ndi 150 ml pa kilo iliyonse patsiku, choncho anu awiriwo akhoza kumaliza theka la lita kapena kupitirira, makamaka pano akudya udzu wouma wambiri. Tengani yolowa lita imodzi kapena kuposa, poti madzi ambiri amachedwa kuundana. Ndipo mugule ziwiri, osati imodzi: ina ili m'khola, ina ili m'nyumba. Muzisinthanitsa m'mawa ndi usiku musanakagone.

Yachitsulo isiyeni. Imataya kutentha msanga, komanso ndi yopepuka. Yapulasitiki adzaiteketa m'mbali n'kuikoka ndi mano mpaka madzi onse pa udzu.

Nganga wa Akalulu: Ndikugwirizana nawo, koma pa yadothi pali chenjezo. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti, ndiye mbale yodzaza ndendende imang'aluka. Siyani mpata wa chala chimodzi kukamwa. Musathire madzi owira pa mbale youndana, imasweka pomwepo. Ilowetseni m'nyumba isungunuke yokha, ndiye ntchito ya mbale yachiwiri ija.

Poika mbale napo mpofunika kuposa mtundu wake. Osaika pa simenti kapena pafupi ndi waya wa chitseko pomwe mphepo imawomba. Ikani pa kathabwa, pakona yotchingika. Mukhoza kuilowetsa m'kabokosi kamatabwa kokulirapo pang'ono, m'mipatamo n'kupanikizamo udzu. Koma isakhale m'chipinda chomwe amagona. Madzi akatayikira mmenemo, kalulu agona ponyowa usiku wonse, ndipo chinyezi ndi chomwe chimawapweteka kuposa kuzizira kwenikweniko. Akalulu aakazi ena ali ndi khungu lolendewera pansi pa chibwano. Muzilikhudza, likamakhala lonyowa nthawi zonse limachita zilonda, ndiye mbaleyo ikwezedwe pang'ono.

Mayi a Awiri, Leeds: Zikomo kwambiri. Wina kuntchito anandiuza kuti ndizithira kamchere kapena shuga, kapenanso kuponyamo kampira ka tebulo tenesi. N'zoona?

Achimwene a ku Hull: Mchere ndi shuga ayi ndithu, mayi. Kuti madzi aleke kuundana pamafunika wochuluka kwambiri, woti kalulu angadwale nawo kapena kungowakana madziwo. Antifreeze wa galimoto, uja woletsa madzi kuundana mu injini, musamuyandikitse n'komwe, ndi poizoni ndipo amatsekemera. Kampirako kamathandiza pokhapo pomwe mphepo ikukasuntha, m'khola lotchingika kamangoundanirana ndi madzi.

Chomwe chimagwira ntchito ndi ichi: usiku thirani madzi ofunda, osati otentha, n'kuika pansi pa mbale chimbale chija cha SnuggleSafe chotenthetsa mu microwave. Chimasunga kutentha maola angapo, nthawi zambiri mpaka kukacha. Mphindi zotenthetsera zimatengera mphamvu ya microwave yanu, tsatirani zomwe alemba pa chimbalecho.

Nganga wa Akalulu: Za magetsi zija zimagwiradi, koma anazipangira agalu ndi nkhuku. Kalulu akaona nthambo amaidula ndi mano kamodzi kokha. Ngati mwaifunadi, nthambo idutse m'paipi yachitsulo, itulukire kumbuyo kwa khola komwe sangafike, ndipo soketi ikhale yapanja yokhala ndi RCD, kachipangizo kozimitsa magetsi msanga pakachitika shoti. Kwa akalulu awiri ku Leeds, ine ndingati n'kuvutika chabe.

Botolo lija musalitaye, lisiyeni pomwepo ngati lapadera mpaka azolowere mbale. Ndipo masiku ano muziyang'ana timibulu ta chimbudzi chawo. Tikayamba kuchepa, kukhala ting'onoting'ono touma, ndiye kuti madzi sakukwana ndipo matumbo ayamba kuima. Kalulu akatha maola 12 osadya kapena osachita chimbudzi, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto.

Mayi a Awiri, Leeds: Ndamva. Mawa ndikagula zadothi ziwiri ndi chotenthetsera chija. Kathabwa ndili nako kale m'shedi.