Matiresi atsopano akundipweteka phewa ndi chiuno: ndingawafewetse bwanji?

NaBanda, Lilongwe

Moni nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene ingaoneke yaing'ono, koma yandisowetsa tulo kwa milungu itatu tsopano. Mwezi wathawu ine ndi bambo a kunyumba tinagula matiresi atsopano a dabulo, a mainchesi 8, m'malo mwa akale amene anali atakumbika pakati moti tonse awiri tinkagubudukira m'dzenje limodzi. Wogulitsa anatilimbikitsa kuti titenge olimba kwambiri, amene amalonda amawatchula kuti orthopaedic, ponena kuti ndiwo abwino pamsana ndiponso sakutha msanga.

Bambo akugona bwino ndithu, ndipo mkonono wawo ndi umboni. Iwo ndi athupi lalikulu ndipo amagona chagada, pamene ine ndine wochepa thupi ndipo chiyambire ubwana wanga ndimagona cham'mbali. Ndimadzidzimuka pakati pa usiku dzanja litachita dzanzi, ndipo kukacha phewa ndi fupa la m'chiuno zimawawa ngati ndachezera pasimenti kumaliro. Nditabwerera kusitolo anandiuza kuti katundu wogonedwapo kale sabwezedwa, choncho kugula ena sikungatheke chaka chino.

Ndayesa kuyala bulangete lopinda pansi pa shiti, koma limakwinyika n'kusonkhana kumiyendo usiku usanafike pakati. Ndinene kuti pulasitiki imene matiresiwa anabwera nayo sitinaichotse, chifukwa mwana wathu wamng'ono nthawi zina amagona nafe, ndipo bedi lathu kalipentala anakhomapo thabwa limodzi lalikulu la plywood. Kodi matiresi otere amafewa okha pakapita nthawi? Ngati safewa, ndingayalepo chiyani chimene sichingandiwonongetse ndalama pachabe?

Mmisiri wa masofa, Ndirande

Mayi NaBanda, pepani ndi vutoli. Ntchito yanga ndi yokonza masofa ndi mipando ya m'galimoto, choncho siponji ndimaigwira tsiku ndi tsiku, ndipo madandaulo ngati anuwa ndimawamva kawirikawiri.

Choyamba, chotsani pulasitikiyo lero lomwe. Ntchito yake ndi yoteteza matiresi ku fumbi ali m'sitolo kapena pa lole, osati yogonera. Ikakhalapo, pamwamba pa matiresi pamakungika ngati chikopa cha ng'oma, ndiye phewa likakanikiza siponji imalephera kulowa m'kati mmene iyenera kuchitira. Imatsekanso mpweya, thukuta n'kumangokhala pakati pa inu ndi shiti. Za mwanayo, muikireni makintoshi aang'ono pamalo pamene iye amagona basi, osati bedi lonse.

Mukachotsa pulasitiki, suzumirani pamsoko kapena pazipi kuti muone siponji ya m'kati. Ngati ndi ya mtundu umodzi, imafewako pang'ono m'mwezi woyamba kapena wachiwiri. Koma matiresi ambiri amene amagulitsidwa ndi dzina limene mwatchulalo amapangidwa ndi tizidutswa ta siponji tomatidwa ndi guluu n'kupanikizidwa mwamphamvu ndi makina, ndipo mukawayang'ana amaoneka amawangamawanga, obiriwira apa, achikasu apo, otuwa apo. Ngati anu ndi otero, musadikire kuti afewa, pakuti mtundu umenewu unapangidwira kuti usasinthe. Komabe simunataye ndalama. Matiresi olimba ndi maziko abwino, ndipo n'kosavuta kuwafewetsa pamwamba, pamene matiresi okumbika ngati akale aja palibe mmisiri amene angawadzutse.

Chimene mukufunika ndi siponji ina yofewa yoyala pamwamba, yochindikala mainchesi 2, amene ndi masentimita 5, kapena mainchesi 3 ngati phewa likupwetekabe. Inchesi imodzi ndi yochepa, fupa limaiboola n'kukafika polimba pomwe paja. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa, chifukwa amaganiza kuti siponji yofewa ndi yopepuka, ndipo yolemera ndi yolimba. Kulemera kwa siponji kumasonyeza kuti ikhalitsa motani, pamene kufewa ndi nkhani ina. Ilipo siponji yolemera koma yofewa, ndipo ndi imeneyo muyenera kufunsa. Yopepuka yotchipa ija imakoma sabata zoyamba, kenako imaphwatalala ngati chikondamoyo.

Poyesa, musangoitsina ndi zala. Pemphani kuti aiyale pasimenti, mugwadepo ndi bondo limodzi kapena mutsamirepo ndi chigongono. Bondo likangofika pasimenti nthawi yomweyo, isiyeni. Yabwino imakulandirani pang'onopang'ono, ndipo mukadzuka imabwerera msanga osasiya chidindo. Muinyamulenso m'manja poyerekeza ndi inzake ya muyeso womwewo, ndipo mutenge yolemerapo.

Popeza bambo akugona bwino, mukhoza kudulitsa ya mbali yanu yokha. Matiresi a dabulo amakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi, choncho theka lake ndi masentimita 68 kapena 69, koma yezani anu ndi tepi musanapite. Dziwani kuti pakati pa bedi padzakhala kamtumbira, ndipo si banja lililonse limene limakondwera nako. Mukagula, telala akusokereni chikuto cha nsalu ya thonje chokhala ndi lasitiki m'makona kuti chizikola pansi pa matiresi, apo ayi siponjiyo idzayenda ngati bulangete lija. Musaimate ndi guluu, chifukwa idzafunika kuisintha matiresi akadali abwino.

Za plywood ndinene zoona: kuichotsa sikudzafewetsa matiresi kwambiri. Vuto lake lalikulu ndi loti sipititsa mpweya, ndipo nthawi ya dzinja pansi pa matiresi pamachita chuku. Kalipentala aikepo timatabwa topingasa totalikirana ngati zala zitatu, kapena aboole mabowo ambiri pathabwalo. Ndamvaponso ena akulangizana kuti matiresi olimba aziwathira madzi kapena kuwasiya padzuwa masiku angapo. Musayese zimenezo. Madzi sauma msanga m'kati mwa siponji, ndipo dzuwa lamphamvu limaiwotcha mpaka imayamba kunyenyeka ngati mkate wouma.

Wopuma pantchito ya uphunzitsi, Dedza

Mwana wanga NaBanda, ine ndikuona ngati mukufulumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thupi lanu linazolowera dzenje lija kwa zaka zambiri, ndipo milungu itatu ndi yochepa kuti liiwale. Ife tinakulira pamphasa, ndipo sindikumbukira kuti amayi anga anadandaulapo za msana mpaka ukalamba wawo. Pogona pofewa kwambiri ndi pamene pamapinda msana wa munthu.

Ndivomereze chabe kuti ngakhale nthawi imeneyo, amene anali ndi mafupa oonekera ankayala udzu wouma pansi pa mphasa, ena n'kusoka thumba lodzaza makoko a chimanga. Langizo langa ndi loti muchotse pulasitikiyo monga ananenera mmisiriyu, muzitembenuza matiresiwo sabata iliyonse kuti kumutu kupite kumiyendo, ndipo mudikire mwezi wina umodzi musanatulutse ndalama.

Wogwira ntchito ya mafizo, Zomba

Ndi ulemu wonse kwa aphunzitsi athu a ku Dedza, ndikufuna kusiyana nawo pang'ono pa mfundo yoti pogona polimba ndi pamene pali pabwino kwa aliyense. Chikhulupiriro chimenechi chinali chofala ngakhale pakati pa madokotala, koma kafukufuku amene anachitika ku Spain, n'kusindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2003, anasonyeza zosiyana. Anthu 313 odwala msana kwa nthawi yaitali anapatsidwa matiresi atsopano, ena olimba kwambiri, ena olimba mwapakatikati, ndipo patapita masiku 90 amene anagonera apakatikati ndiwo anapezako bwino koposa anzawo. Izi sizikutanthauza kuti matiresi a dzenje ndi abwino, ndipo pamenepo aphunzitsi akunena zoona.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Munthu akagona cham'mbali, phewa ndi chiuno ndizo zimatulukira kunja, pamene m'nthiti ndi m'mimba mumalowa m'kati. Pogona pabwino pamalola phewa ndi chiuno kumira pang'ono kuti mbali yonse ya thupi igawane kulemera, msana n'kukhala wowongoka. Pogona polimba kwambiri, thupi lonse limatsamira pamafupa awiriwo, mitsempha ya m'dzanja imapanikizika, ndipo dzanzi limene mukunenalo limachokera pamenepo. Bambo akunyumba kwanu sakuvutika chifukwa kulemera kwawo kumakanikiza siponjiyo mokwanira, komanso wogona chagada amayala thupi pamalo aakulu. Inu ndi iwo mukugona pamatiresi amodzi, koma zimene matupi anu akumva n'zosiyana, choncho musadzione ngati wodandaula pachabe.

Musanagule kanthu, yang'anani pilo wanu. Pamatiresi akale phewa linkamira m'dzenje, ndiye pilo wopyapyala ankakwanira. Tsopano phewa silikumira, mpata wa pakati pa khutu ndi matiresi wakula, ndipo ngati pilo ndi yemwe uja, khosi limapendekekera pansi usiku wonse n'kuwonjezera katundu paphewa. Pezani pilo wodzaza mpata umenewo, ndipo bambo aime kumbuyo kwanu aone ngati mutu, khosi ndi msana zili pamzere umodzi. Ikaninso pilo wina pakati pa mawondo kuti mwendo wapamwamba usakoke chiuno, ndipo dzanja lapansi mulitambasulire kutsogolo m'malo moligonera. Mukadzaika siponji yofewa ija, mudzafunikanso kutsitsako pilo wa kumutu, chifukwa phewa lidzayambanso kumira.

Chomaliza n'chofunika kwambiri. Dzanzi lobwera ndi pogona limatha pakangopita mphindi zochepa mutadzuka n'kugwedeza dzanja. Ngati likumakhalapo mpaka masana, ngati dzanja layamba kufooka moti zinthu zikumakupulumukani, kapena ululu ukutsika kuchokera m'chiuno kukafika kuphazi, pitani kuchipatala akakupimeni, osangodalira kusintha matiresi.

NaPhiri, Nchalo

Achemwali, ine ndingowonjezera za kutentha, chifukwa ndinaphunzira movutikira. Ndinagula pakaunjika choyala pamwamba cha siponji ija amaitchula kuti memory foam, imene ukaikanikiza ndi dzanja chidindo chimatsala kwa kanthawi. Mu Juni ndinkagona ngati mfumukazi. Utafika mwezi wa Okutobala, ndi kutentha kwa kuno kuchigwa cha Shire, ndinkadzuka shiti itanyowa, chifukwa siponji imeneyi imafewa ndi kutentha kwa thupi, imakukumbatira, ndipo kutenthako sikuchoka. Ku Lilongwe mwina n'kopiririka, koma ganizirani miyezi ya Okutobala ndi Novembala musanaisankhe.

Choipa kwambiri n'chakuti inabwera ndi nsikidzi m'misoko, ndipo zinanditengera miyezi kuti ndithane nazo, mpaka bedi lenilenilo ndinalitulutsa panja n'kulithira madzi owira m'malumikiziro. Chilichonse chogonera chochokera pakaunjika muzichifufuza m'misoko poyera, ndipo mukaona timadontho takuda musachitenge ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Panopa ndimagwiritsa ntchito choyala cha thonje chimene telala anandisokera ngati duveti yochindikala, n'kuchisoka mizere yopingasana kuti thonjelo lisasonkhane mbali imodzi. Sichifewa ngati siponji, ndipo chimafuna kuchiyanika ndi kuchikuntha pafupipafupi, koma sichitentha. Kumbukiraninso kuti chilichonse chimene mungayalepo chimakweza bedi, ndiye onetsetsani kuti shiti ndi neti ya udzudzu zikufikabe pansi pa matiresi enieniwo. Neti mukaipanitsa pansi pa choyala chopepukacho, imasolokoka usiku.

NaBanda, Lilongwe

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso patatha milungu iwiri kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Pulasitiki tinachotsa tsiku lomwelo, ndipo nditasuzumira pamsoko ndinapeza mawangamawanga aja, monga momwe ananenera amisiri a ku Ndirande. Pachifukwa chimenechi, aphunzitsi mundikhululukire, mwezi uja sindinaudikire. Ndinayamba ndi mapilo, ndipo dzanzi linachepa usiku wachiwiri womwe, ngakhale kuti chiuno chinkawawabe.

Loweruka lapitali ndinapita kwa okonza masofa, ndipo ndinagwada pasiponji zinayi zosiyana anyamata a pamenepo akundiseka. Ziwiri bondo linafika pasimenti nthawi yomweyo, yachitatu inali yolimba ngati matiresi anga omwe, ndipo ndinatenga yachinayi, ya mainchesi 2, yodulidwa theka la bedi. Telala anasoka chikuto, koma lasitiki ya makona a pakati pa bedi inalibe pokola, choncho anaika zingwe ziwiri zazitali zozungulira pansi pa matiresi onse, ndipo sikusunthanso. Masiku asanu tsopano ndikudzuka phewa lili bwinobwino, chiuno chikungomveka pang'ono m'mawa kwambiri. Plywood ija kalipentala abwera kudzaiboola mwezi ukatha.

Kamtumbira ka pakati kaja kalipodi, ndipo bambo, amene ankati iwo alibe vuto lililonse, ndawapeza kawiri m'bandakucha atakwera mbali yanga. Amisiri, kodi ndikagula theka linalo n'kuliika m'chikuto chimodzi ndi loyambali, mpata wa pakati sudzamveka pogona, kapena ndi bwino kuti awiriwo amatidwe ndi guluu m'mbali mwake?