Ulendo wa panjinga: Lilongwe, kunyanja, Mzuzu n'kubwerera. Ndiyambire mbali iti?

Wofunsa:
Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa amene anayendapo misewu imene nditchuleyi pa njinga yakapalasa. Apagalimoto mundikhululukire, chitunda inu simuchidziwa, mumangoponda mafuta.

Ndili ndi zaka 41, ndimakhala ku Lilongwe. Kupalasa ndinayamba chaka chatha adokotala atandiopseza za BP. Pano Loweruka lililonse ndimapita ku Mponela n'kubwerera, makilomita oposa 100. Kamodzi ndinafika ku Dedza, koma pobwerera njinga inakwera nawo minibasi, ndisaname.

Mu Julaye ndili ndi tchuthi cha masiku 10. Njira imene ndajambula ndi iyi: kutsikira ku Salima pa M14, kutsata M5 m'mbali mwa nyanja kudutsa Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche mpaka Nkhata Bay, kukwera ku Mzuzu, n'kubwerera pa M1 kudzera ku Chikangawa, Jenda, Kasungu ndi Mponela. Pa Google Maps zikukwana makilomita 800 ndi kakuti. Ndikufuna kumaliza m'masiku 7, atatu otsalawo ndigone miyendo m'mwamba ndisanabwerere ku ntchito.

Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti ndiyambire kunyanja kapena ku Kasungu? Mnzanga amene tikupita naye akuti tiyambe M1 miyendo idakali ndi mphamvu, nyanja ikhale mphotho ya kumapeto. Ine mtima ukukana koma chifukwa chomveka choti ndimuuze ndilibe. Chachiwiri, zikatikanika pakati panjira, kodi M18 yochoka ku Nkhotakota kupita ku Kasungu ndi chidule choti munthu angadutse panjinga? Njinga yanga ndi ya kaunjika, ya magiya, matayala ake ndi aja opyapyala a 700c.

Mwana wa msodzi, ku Nkhotakota:
Achimwene, chifukwa chimene mukusowacho dzina lake ndi mwera. Bambo anga anali msodzi, ndiye mphepo imeneyi ndinaidziwa ndisanadziwe kuwerenga. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti imaomba kuchokera kumwera kulowera kumpoto, ndipo Julaye wanuyo ndiye pachimake. Masiku ena asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kumasoka maukonde. Msewu wa M5 walondola nyanja, ndiye mukalowera kumpoto mwera ukhala kumsana kwanu, ukukukankhani ngati mwana wophunzira kupalasa. Mukabwera chotsika kuchokera ku Nkhata Bay muzilimbana nawo maso ndi maso makilomita 300.

Ine ndinayesapo zonse ziwiri pakati pa Salima ndi kwathu, pamene pali makilomita pafupifupi 110 ndipo msewu wake ndi wathyathyathya. Popita kumpoto ndinanyamuka 6 koloko, nsima ya masana ndinadyera kunyumba, nditaimanso pa mlatho wa Chia kugula nsomba. Pobwerera patapita masiku awiri, njinga yomweyo, miyendo yomweyo, ndinalowa mu Salima dzuwa litapendeka, milomo itasweka ngati ndadwala sabata. Pamalo osalala ndinkapalasa choimirira ngati ndikukwera phiri. Mnzanuyo muuzeni kuti mphotho akuinenayo idzamuliza.

Mlongo wanu ku Cape Town:
Za mphepo musamatsutse. Kuno kuli mpikisano wa Cape Town Cycle Tour, makilomita 109, umachitika mu Malichi ndipo anthu amabwera zikwizikwi. Mu 2017 anauletsa m'mawa wa tsiku lomwelo chifukwa mphepo inkagwetsa anthu pamodzi ndi njinga zawo poyambira penipeni. Anthu a njinga zodula, ochita kukonzekera miyezi. Ndiye inu muzikakangana ndi mwera?

Wina wa ku Area 25:
Komatu tisamangoombera m'manja. Ulendowu ndi wozungulira. Mukapita kumpoto ndi mphepo kumsana, ndiye kuti pobwerera pa M1 mukuyang'anana nayo, ndipo kuchoka ku Mzuzu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 360. Ngongoleyo mudzabweza basi. Kusiyana kwake kuli pati?

Mwana wa msodzi, ku Nkhotakota:
Kusiyana kulipo akulu. Kunyanja mphepo imabwera itathamanga pamwamba pa madzi popanda choitchinga. Kumtunda imaomba inde, makamaka pa chigwa cha Kasungu pamene mitengo inatha, koma si ya ukali womwewo, ndipo mu Viphya mapiri ndi nkhalango zimaidula. Ngongole mubweza, koma chiwongoladzanja chake n'chochepa. Onjezani ichi: mukatsata maganizo a mnzanuyo, tsiku lomaliza, thupi litatha kale, ndi tsiku lokwera kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe. Nyanja ili pa mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000. Zitunda za ku Mvera ndi Chezi mumazidziwa. Ndi bwino kuzitsika tsiku loyamba mukuimba nyimbo.

Wofunsa:
Apa ndamva, ndipo ndamutumizira kale mnzanga uja. Nanga za M18?

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Kasungu:
Mwana wanga, M18 ichotseni m'mutu. Msewu umenewo umadutsa m'kati mwa nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota. Kale njovu zinali zitatsala zochepa, koma bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Wapagalimoto akakumana nazo amatseka mawindo n'kubwerera chambuyo. Inu pachitunda, mukupalasa liwiro la munthu woyenda pansi, mubwerera bwanji? Kuchoka ku Nkhotakota kupita ku Kasungu msewuwo ndi wokwera, ndiye kuthawa kulibe.

Njovu mwina simukumana nazo, koma kashembe ndiye sakuphonyani. Ntchentche imeneyi imalondola chinthu choyenda, imakonda mtundu wa buluu ndi wakuda, imaluma ngakhale pamwamba pa malaya, ndipo ndi imene imafalitsa matenda a kaodzera. Tsono taganizani zovala zimene anthu a njinga mumakonda, kabudula wakuda wothina uja. Ngati thupi lakana muli ku Nkhotakota, kwezani njinga pa galimoto. Palibe amene adzakufunseni satifiketi.

Wakabaza wa pa Kasungu:
Koma abale dziko ili. Ife tikupalasa kuyambira tambala woyamba, kumbuyo mayi ndi thumba la chimanga, kuti ana adye. Ena akutenga tchuthi kuti akapalase ulele mpaka ku Mzuzu! Bwana, mukafika pa Kasungu mundipeze, mudzandigwirireko maola awiri ine ndikapume, nonse tikhala tapindula.

Koma poti mwafunsa, ndikuuzeni chimene aphunzitsi sanganene. Pa ulendo wa masiku ambiri chimene chimayamba kugonja si miyendo, ndi pokhalira. Loweruka lanu la ku Mponela mumapuma sabata yonse. Kumeneko mudzadzuka tsiku lachitatu n'kukhalanso pa chishalo chomwecho pamene pali kale chilonda. Pakani Vaseline musananyamuke, kabudula muzichapa madzulo aliwonse, ndipo musagule chishalo chatsopano sabata yonyamuka. Chimene thupi linazolowera ndi chomwecho.

Wofunsa:
Hahaha, mwandigwira pakhosi akulu. Fanta yanu ndidzagula pa Kasungu. Za chishalo mwandipulumutsa, ndinali nditaitanitsa kale china.

Wokonza njinga mu msika:
Ine nkhawa yanga ili pa matayala. M'misika ya m'njira, kaya pa Benga, kaya pa Dwangwa, okonza njinga alipo pansi pa mtengo uliwonse, koma katundu amene amasunga ndi wa njinga zimene anthu a kumeneko amakwera: chubu cha 26 ndi cha 28 chija cha njinga zonyamula makala. Cha 700c chopyapyala mudzachifuna mpaka kulira. Ndiye nyamulani machubu atatu, zigamba, solushoni, ndi tayala limodzi lopinda. Yang'ananinso valavu yanu. Ngati ndi yopyapyala ija, pampu za m'midzi sizilowa, nyamulani yanuyanu.

Ngati fulemu ikulola, ikani matayala onenepako. M5 malo ena phula linadyeka m'mbali, ndipo galimoto yaikulu ikamabwera mudzatsikira m'dothi mufune musafune. Tayala lopyapyala pa mchenga limangoterereka. Tengani waya wa buleki ndi wa magiya, masipoko anayi kapena asanu omangirira ku fulemu ndi mphira, kachidutswa kolumikizira tcheni, ndi kabotolo ka oyilo. Katundu yense akhale pa kaliyala. Chikwama cha kumsana pofika ku Salima mudzafuna kuchitaya m'tchire.

Mayi wa ku Chintheche:
Bambo, masiku 7 anuwo ndawawerenga kawiri, sakukwana. Mwangogawa 800 ndi 7 ngati kuti msewu ndi tebulo. Kuchoka ku Nkhotakota kufika ku Nkhata Bay ndi pafupifupi makilomita 200, tsiku limodzi simungathe. Mukagona pa Dwangwa ndiye mwayenda pang'ono kwambiri, tsiku lotsatira likhala lalitali. Poti mwera uli kumbuyo, ine ndikanati mulawire m'bandakucha ku Nkhotakota mudzagone ku Kande kapena kuno ku Chintheche. Malo ogona alipo a matumba osiyanasiyana. M'mawa mwake muyende pang'ono chabe, makilomita 40 kudutsa m'minda ya mitengo ya raba ya ku Vizara, mukapumule ku Nkhata Bay maola onse otsala a tsikulo.

Kupumako si ulesi. Kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 50, pa mapu pamaoneka ngati pokagula mchere, koma mukukwera kuchoka pa nyanja kufika pa mamita oposa 1,200. Ndinaonapo azungu awiri atakhala m'mbali mwa msewu pa chitunda chimenecho, njinga zitagona pa udzu, wina akudya nthochi maso ali gwa, osayankha ngakhale moni wa ana.

Zina zing'onozing'ono: milatho ina ya pa M5 ndi yopapatiza, yodutsa galimoto imodzi, ndiye imani muone kaye. Cha ku Dwangwa mu Julaye ndi nyengo yodula nzimbe, mathirakitala ndi malole amakhala pikitipikiti. Madzi a pa mjigo alipo m'midzi yambiri, koma nyamulani WaterGuard ndi timapaketi ta Thanzi. Kunyanja udzudzu sutha ngakhale m'nyengo yozizira, funsani neti musanalipire chipinda. Mukafuna kusamba m'nyanja pewani pa bango ndi pamadzi odekha, likodzo limakhala pamenepo.

Wina wa ku Area 25:
Mayiwa anena zoona, ndipo M1 nayo musaichepetse. Chigawo cha Viphya ndi chimene anthu sachiwerengera. Mukachoka ku Mzuzu simukutsika, mukukwerabe, ndipo msewu wake ndi wa kwera tsika kwera tsika osatha. Cha ku Chikangawa mu Julaye kumazizira zoti zala zimakanika kugwira buleki, nkhungu imatha kutseka msewu mpaka dzuwa litakwera, ndipo muli limodzi ndi malole a matabwa. Malo ogula chakudya ndi otalikirana, si ngati kunyanja kumene mandasi ndi thobwa zili paliponse. Nyamulani mbatata yophika, mtedza, jekete, magolovesi, ndi nyali yofiira ya kumbuyo yoyaka ngakhale masana. Kumbukiraninso kuti mwezi umenewo ikamakwana hafu pasiti faifi kunja kwayamba kale kuda. Pa M1 usiku panjinga ayi.

Aja a Tour d'Afrique, amene amapalasa kuchoka ku Cairo mpaka ku Cape Town kuyambira 2003, amadutsa msewu womwewu kuchoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe asanalowere ku Chipata. Koma iwo katundu wawo amakhala m'lole, chakudya amachita kuwaphikira, ndipo pofika kuno amakhala atapalasa miyezi. Inu mwanyamula zonse nokha, ndiye chigawo chimenechi chipatseni masiku anayi: awiri a mu Viphya mpaka ku Jenda, limodzi lofika ku Kasungu, lomaliza makilomita pafupifupi 130 olowera kwanu. Kuchoka pa Mponela njinga idzayenda yokha, ikuidziwa njira.

Mlongo wanu ku Cape Town:
Funso limene palibe wafunsa: musanapite, munayesapo kupalasa masiku awiri otsatizana katundu ali pa kaliyala? Pitani ku Salima Loweruka, mugone, mubwerere Lamulungu. Mukafika kunyumba mukadali pachibale ndi mnzanuyo, ndiye konzekani za Mzuzu.

Wofunsa:
Zikomo nonse, ndawerenga ndi cholembera m'manja. Ndiye zakhala chonchi: Salima, Nkhotakota, Chintheche, Nkhata Bay, Mzuzu, kenako masiku anayi a M1. Akwana 9, latsala limodzi lochapa zovala. M18 ndafufuta. Ulendo woyeserera wa ku Salima tipita kumapeto kwa mwezi uno, ngakhale ndaona kuti alongo athu a ku Cape Town atipatsa dala chitunda cha ku Mvera chimene ena amatiuza kuti tichipewe.

Mnzanga uja wavomera zoyambira kunyanja, koma tsopano wayamba zina, akuti poti tafika kale ku Mzuzu bwanji osangopitirira mpaka ku Chitimba tikakwere msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia. Ndamuuza kuti afunse yekha m'gulu muno.

Abambo okonza njinga, ndayeza mpata wa pa fulemu, chala changa chamkombaphala chikulowa mbali zonse ziwiri za tayala. Pamenepa tayala la mamilimita 35 lingalowe, kapena ndibwere nayo mudzaione nokha?

Wokonza njinga mu msika:
Bwerani nayo. Mubwere ndi kaliyala yemwe ndi katundu amene mukufuna kunyamulayo, tidzaone ngati masipoko a kumbuyo angapirire.