Tabwerako ku Konkan kuja ndinafunsa

Paja ndinafunsa ngati nzotheka kupita ku Konkan, dera la m'mphepete mwa nyanja kumadzulo kwa India, nthawi ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, ndi ana komanso amayi omwe mawondo amawavuta. Tabwerako abale, zinatheka ndithu. Tinakwera sitima ku Mumbai mpaka Ratnagiri kenako galimoto kukafika ku Ganpatipule, kachisi wa Ganesha, mulungu wa Ahindu, ali mphepete mwenimweni mwa nyanja, nsapato mumavula ndiye pitani mmamawa pansi pasanatenthe. Madzulo makomo onse tinyali tadothi tili ngwee, ana osafuna kugona. Kenako kugombe la Tarkarli, pafupi ndi tauni ya Malvan, mmawa kunali zii, mafunde okha. Koma linga la Sindhudurg lija mfumu Shivaji inamanga pachilumba m'ma 1660, mumapita pa boti kuchokera ku Malvan ndipo masitepe okwera pakhoma amayi anawakanika, zinandikhudza kwambiri, anangokhala pamthunzi pafupi ndi chipata kutidikira.