Madzi saiwala khwawa: kodi ngalande yokumba anthu nayo ndi khwawa?

Nabanda_Ealing
Akuluakulu, ndithandizeni. Ku Northolt, kumadzulo kwa London, pafupi ndi tchalitchi chakale cha St Mary, kuli bwinja la nyumba ya mwini mudzi ya m'zaka za m'ma 1300. Nyumbayo inatha kalekale, chatsala ndi malo okwera pakati ndi chingalande chowazungulira. Polongosolera abale pa WhatsApp ndinati ngalande zoterezi zimaoneka zouma koma mvula ikalimbikira madzi amabwereramo, n'kutsekera ndi mwambi woti madzi saiwala khwawa. Amalume andibweza pomwepo, akuti ngalande si khwawa ndipo mwambiwo ndaupotoza. Nanga khwawa n'chiyani kwenikweni?

Nangozo
Agogo ankaunena mwambiwu munthu akasiya mowa n'kuyambiranso, kapena mkazi akabwerera kwa mwamuna amene anasiyana naye. Ankangopukusa mutu n'kuti "madzi saiwala khwawa", nkhani yatha. Za ngalande sizinkabweramo.

aChisale
Amalume anu akunena zoona, achemwali. Khwawa amakumba ndi madzi eni ake, khasu silifikapo. Chokumba munthu ndi ngalande kapena mchera. Ndipo mwambiwu poyamba sunali wa oledzera ayi. Linali chenjezo kwa womanga nyumba: ukaona malo otsetsereka ouma mu Okutobala, mchenga uli mbee pansi, usazike nsichi pamenepo, eni ake akubwera mu Januwale. Zina zonsezi anthu anangomatapo.

Mbewe_wa_ku_Luton
Tisanagamule, timvetse kaye mmene ngalande zimenezi ankazikumbira, chifukwa yankho lili pomwepo. Ku England malo oterewa odziwika alipo pafupifupi 6,000, ndipo ambiri anakumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350. Achulukira m'chigawo chapakati ndi chakum'mawa, monga ku Suffolk ndi Essex, komwe dothi lake ndi dongo losalola madzi kulowa pansi. Northolt nayo yakhala pa dongo lomwe amalitcha London Clay.

Wokumba sankangosankha malo okongola. Ankayang'ana kaye kumene madzi amadutsa kale: kasupe, kamtsinje, kapena malo onyowa m'munsi mwa chitunda. Ena ankapatutsa kamtsinje ndi kangalande kolowetsa madzi mbali yakumtunda, n'kusiya kena kotulutsa mbali yakumunsi, kokhala ndi chitseko chamatabwa chokweza kapena kutsitsa madzi. Ena ankatseka chigwa ndi khoma ladothi ngati damu, mbali imodzi ya ngalandeyo n'kukhala njira yakale ya mtsinje womwewo. Pansi pakakhala mchenga kapena miyala ankatutirapo dongo lonyowa n'kuliponda mpaka ligwirane ngati la woumba mbiya, apo ayi madzi akanathawa m'sabata imodzi.

Ndiye a Chisale, pa malo ambiri munthu anangokulitsa khwawa limene analipeza. Pamenepo mukuti bwanji?

aChisale
Pamenepotu mwandithandiza, a Mbewe. Madziwo akubwerera chifukwa cha khwawa lakale lili pansi, osati chifukwa cha fosholo ya mzungu. Tanthauzo langa lija likuima: madzi ali ndi malo awo, womanga achenjere.

Mbewe_wa_ku_Luton
Koma awatu sanachenjere nawo madziwo, anachita kuwaitana. Tiyerekeze chilumba cha mamita 40 mbali zonse zinayi, ngalande ya mamita 8 m'lifupi pamwamba, yozama mamita 2, yochepera kunsi moti tikagawa pakati ndi ngati mamita 5. Kuzungulira kwake ndi mamita 192. Dothi lotulukamo likuyandikira makyubiki mita 1,900. Dothi limenelo sankataya, ankaliunjika pachilumba, ndipo pa malo a masikweya mita 1,600 likukweza nthaka kuposa mita imodzi. Kotero ntchito imodzi inkabala ziwiri: madzi apansi amatsikira m'ngalande, nyumba n'kukhala pouma. Pa dongo la ku England, lomwe nyengo yozizira yonse limakhala chinyezi chokhachokha, phindu limeneli silinali laling'ono.

Gama
Ine vuto langa si khwawa koma kuti a Nabanda mwalitcha bwinja. Bwanji osati linga? Agogo aamuna ankati mudzi uliwonse wotchingidwa ndi linga, ndipo otchingidwa ndi makoma adothi ankati machemba, a nthawi ya nkhondo za Angoni. Ku Nkhotakota mpaka lero kuli malo otchedwa Linga.

Mbewe_wa_ku_Luton
Linga ndi la nkhondo, a Gama, ndipo apa m'pamene ambiri amasochera. Ngalande zambirizi sizikanaletsa gulu la asilikali. Zina zimazungulira mbali zitatu zokha, zina zili m'munsi mwa chitunda moti woponya mivi atha kuima pamwamba n'kumaona pakhomo. Polowera pankakhala mlatho wamatabwa kapena njira yadothi imene anaisiya osakumba. Zinkathandiza kuletsa akuba ndi ziweto zolowerera, kusunga madzi ozimitsira moto poti nyumba zambiri zinali zamitengo ndi udzu, ndi kuwetamo nsomba, chifukwa Lachisanu ndi nyengo ya Lenti tchalitchi chinkaletsa nyama. Pambali pa malo ambiri mumapezekanso maiwe a nsomba awiri kapena atatu olumikizana. Koma chachikulu chinali ulemu. Mafumu aakulu anali ndi nyumba zankhondo zozunguliridwa ndi madzi, ndiye mwini mudzi, wansembe wolemera ngakhale mlimi wopeza bwino nayenso ankafuna anthu amuone kuti si mnzawo. Amene akufuna kuona mmene zinkaonekera nyumba ikadalipo apite ku Ightham Mote ku Kent kapena ku Baddesley Clinton ku Warwickshire, madzi akadali m'ngalande mpaka lero.

Nangozo
Ndiye kuti mpanda wanjerwa wokhala ndi mabotolo osweka pamwamba sunayambe lero.

Namwali_wa_Mapale
Ndiwonjezere za Northolt yeniyeniyo. Mudziwu unalembedwa m'kaundula wa Domesday wa 1086 ndi dzina loti Northala. Kufukula kunayamba mu 1950 motsogozedwa ndi John Hurst, katswiri wa mapale akale, yemwenso anagwira ntchito zaka zambiri pa mudzi wabwinja wa Wharram Percy ku Yorkshire. Pansi pa nthaka ya nyumba ya mwini mudziyo anapeza zizindikiro za nyumba za anthu wamba zakale kuposa pamenepo, ndi manda a nthawi ya Asakisoni, anthu akale a ku England. Kutanthauza kuti mwini mudziyo pomanga anasuntha anthu amene ankakhalapo. Ndiye a Gama, bwinja ndi mawu oyenera kawiri: bwinja la mudzi pansi, bwinja la bwana pamwamba.

Za madzi obwererawa, kwa ofukula zakale ndiye chuma chenicheni. Matope a pansi pa ngalande akakhala onyowa osaumapo, mpweya sulowamo, tizilombo towoletsa zinthu sitigwira ntchito. Mumatuluka mitengo ya mlatho, nsapato zachikopa, mbale zamtengo, njere, mafupa a nsomba ndi mungu wa zomera umene umaonetsa zomwe zinkalimidwa mozungulira. Mtengo wa oak ukakhala ndi mizere yokwanira ya m'kati, akatswiri amawerenga mizereyo n'kudziwa chaka chimene unadulidwa, makamaka ngati mzere womalizira wapansi pa khungwa ukadalipo. Matopewo akangouma kamodzi, zonsezi zimayamba kuwola. N'chifukwa chake mwini malo amene amabweretsa chimakina kuti "ayeretse" ngalande amawononga zambiri kuposa zaka 700 za mvula.

Masiku anonso sathamangira kukumba. Amayamba ndi mapu akale ndi zithunzi za lidar, zojambulidwa kuchokera m'mwamba ndi kuwala kwa leza, zimene zimaonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka ngakhale pansi pa mitengo. Kenako amayeza malo ndi maso, nthawi yabwino ikhala yozizira udzu uli waufupi, dzuwa lili chapansi kuti mithunzi ionetse zitunda. Akatero amayendetsa makina oyeza mmene magetsi amadutsira m'nthaka, m'mabwalo a mamita 20 kapena 30, kawirikawiri akuyeza pa mita iliyonse. Maziko amiyala amakana magetsi, ngalande yokwiririka yonyowa imawalola, ndiye pakompyuta chithunzi chimatuluka. M'ngalandemo amabowola ndi chitsulo chotapira dothi kuti adziwe kuzama kwake popanda kuitsegula. Ndipo malo akakhala otetezedwa ndi lamulo la 1979, kukumbapo kapena kuyendetsapo kachipangizo kofufuzira zitsulo popanda chilolezo ndi mlandu.

aChisale
Zonsezi n'zabwino amayi, taphunzira. Koma palibe amene wandiyankha. Mwambi ukuti khwawa, sukuti ngalande, sukuti dziwe. Makolo sanasowe mawu. Akanafuna kunena za chokumba munthu akananena. Khwawa limauma miyezi isanu ndi umodzi, mwana n'kumaseweramo, mlendo n'kuyesa njira. Chenjezo lili pamenepo.

Gama
A Chisale, ngati ndi chenjezo la womanga basi, bwanji anati "saiwala"? Kuiwala ndi kwa munthu. Madziwo akuimira munthu, khwawa ndi kumene anazolowera. Kwathu ankaunenanso mwana akabwerera kumudzi atatha zaka ku Joni kapena ku Halale.

Nangozo
Umenewo ndi umene ndikuudziwa inenso, kungoti agogo ankaunena monyogodola, osati moyamikira.

aChisale
Kuiwala n'kwa munthu, inde, koma amene akuiwala m'mwambimu ndi womangayo. Madzi ndiye saiwala. Mwaona?

Achimwene_Tembo
Inu mukukangana za tanthauzo, ana a masiku ano mawu akuti khwawa sawadziwa n'komwe. Chilichonse choyenda madzi ndi "dreni". Dambo, chigwa, mchera, chithaphwi, thawale, zonse dreni. Mwambiwu amangoulemba pa Facebook wina akabwererana ndi chibwenzi chakale, n'kuikapo tizithunzi toseka. Muwafunse kuti makwawa ndi chiyani, aziti kapena ndi kukwawa kwa mwana.

Nangozo
Nanga kuchulukitsa kwake amatha? Ndaonapo wina atalemba "makhwawa". Mpweya uja wa "h" umachoka pochulukitsa: khwawa makwawa, phale mapale, khasu makasu. Zimenezi kale mwana wa sitandade 3 ankaziimba.

Gama
Ndipo bwinja amaliyesa nyumba iliyonse yosatha kumanga. Bwinja ndi pamene anthu anakhalapo n'kuchoka, pomera nsatsi ndi bonongwe chifukwa cha phulusa ndi ndowe zakale.

Namwali_wa_Mapale
A Gama mwakhudza chinthu chenicheni. Ku England chomera chimene chimaulula bwinja ndi nettle, chija choyabwa ngati khwisa, chifukwa chimakonda nthaka ya fosifeti wambiri pamene panali anthu ndi makola. Pa chilumba cha ngalande mukaona chamera chothithikana malo amodzi, ofukula amayamba kukayikira pamenepo. Kunja kwa ngalande yang'anani mizere italiitali yokwera ndi kutsika m'busa la nkhosa. Imeneyo ndi minda yakale yolimidwa ndi pulawo ya ng'ombe, ndipo pamene ngalande yadula mizereyo mumadziwa kuti munda unayamba, ngalande n'kubwera pambuyo.

Nabanda_Ealing
Zikomo nonse. Ndiye amalume ndikawauze kuti chiyani? Ndinalakwa kapena ayi?

aChisale
Mukawauze kuti anakhoza. Ngalande si khwawa.

Mbewe_wa_ku_Luton
Mukawafunse kaye kuti kamtsinje akakapatutsa n'kukazungulitsa nyumba zaka 700, njira yatsopanoyo amaitcha chiyani.

Achimwene_Tembo
Dreni.